Bodza la mawati 5,000 likutidyera thukuta ku Cape Town

Palibe sipika yonyamula m'manja, yoyendera batire, imene ingatulutse mawati 5,000. Ku Bellville kulibe, pa Grand Parade palibe, dziko lonse lapansi mulibe. Komatu yendani Loweruka la kumapeto kwa mwezi m'misewu yozungulira renki ya matakisi ku Bellville, mukaona Amalawi anzathu atakumbatira makatoni ofika m'chiuno, olembedwa manambala ofiira akuluakulu, 3,000W, 5,000W, nkhope zili mwee, mumtima akuti atola chikwama. Aberedwa dzuwa likuswa mtengo, ndipo wowabera wawatsanzika ndi chimwemwe.

Bodza limeneli limagwa ndi masamu a ku pulayimale. Ketulo yamagetsi imene mumawiritsira madzi a tiyi imadya mawati pafupifupi 2,000. Soketi ya pakhoma m'dziko muno, ya mavoti 230 ndi maampu 16, siyipirira zoposa mawati 3,700. Nanga bokosi la pulasitiki lotchajidwa ndi kachingwe ka foni lingapose bwanji khoma la nyumba? Mukalitsegula, kawirikawiri mumapezamo kabatire kamodzi kapena tiwiri, totalika ngati chala, timene amatitchula kuti 18650. Kamodzi ka mavoti 3.7 ndi 2,000 mAh kakanati katulutsedi mawati 5,000, kakanatha m'masekondi 5. Wolemba nambala ija amadziwa zimenezi. Amailemba chifukwa akudziwanso kuti inu simuwerengera.

Yang'anitsitsani pambali pa nambalayo, mupeza tizilembo tating'ono takuti PMPO. Muyeso umenewu ulibe mwini, ulibe lamulo, wopanga aliyense amauwerengera mmene wafunira, ndiye amangolemba chimene chingakope maso. Muyeso umene uli ndi tanthauzo ndi wa RMS, wonena mphamvu imene sipika ingatulutse mosalekeza. Ku America bodza la mawati litafika posauzana, bungwe la boma loona zamalonda la FTC linakhazikitsa lamulo mu 1974 lokakamiza opanga zokuzira mawu za m'nyumba kuti azilemba mphamvu yeniyeni. Papita zaka zoposa 50, koma bodza lomwelo akutigulitsa ife pa Voortrekker Road ngati kuti latulukira dzulo. Taonani mmene amalembera amene ali ndi dzina loti aliteteze. JBL, dzina limene lakhala pa masipika kuyambira 1946, amalemba mawati 4.2 pa kasipika kawo ka Go 3, ndipo pa Flip 6 amalemba 30. Sachita manyazi ndi manambala aang'ono chifukwa ndi oona. Ndipo ngakhale mawati oonawo sathamanga monga timaganizira: kuti khutu limve kuti phokoso lawirikiza kawiri, mphamvu iyenera kuwirikiza pafupifupi ka 10. Sipika ya mawati 20 siimveka kawiri kuposa ya mawati 10.

Chimene chimandikwiyitsa si pulasitikiyo ayi, koma ndalama zake. Kuyambira pa 1 Malichi 2025 malipiro otsikitsitsa ovomerezeka m'dziko muno anali R28.79 pa ola. Maola 8 ndi R230. Bokosi la R700 ndiye kuti masiku 3 athunthu a achimwene amene amadula udzu ku Constantia, a achemwali amene amakolopa ku Camps Bay, a mnyamata amene amatsuka mbale m'lesitilanti ku Sea Point mpaka usiku. Ndipo tonse tikudziwa kuti ambiri mwa ife, makamaka amene mapepala awo sali bwino, salandira ngakhale zimenezo. Kumudzi nako, chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, randi iliyonse yodutsa pa Mukuru ikuyembekezedwa ndi pakamwa pambiri. Ndalama yotereyi ndi yolemera kwambiri kuti ithere pa chinthu chimene chidzayamba kulira ngati chosweka Khirisimasi isanafike.

Alipo ena amene amati, ndiye osagula n'komwe, munthu wobwera kudzasaka usamasewere ndi zoimbaimba. Amenewo sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Anthu otere sanakhalepo m'chipinda cha malata ku Dunoon kapena ku Capricorn madzulo a mu Julayi, mvula ikuwomba pakhoma, mkazi ndi ana ali kutali ku Mzimba kapena ku Mangochi, tsiku lonse walankhula zilankhulo za eni. Pa nthawi ngati imeneyo mawu a Lucius Banda, a Ethel Kamwendo Banda, kapena nkhani za pa Zodiak kudzera pa intaneti, ndi chakudya. Mu 2023, pamene Eskom inkazimitsa magetsi pafupifupi tsiku lililonse, kasipika ka batire ndi kamene kankasunga anthu mumdima. Ndiponso khalidweli si lachilendo pakati pathu. Agogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankabwerako ndi njinga, bulangete ndi galamafoni. Pambuyo pawo panabwera a gumbagumba ndi a wailesi za kaseti. Mmalawi wa paulendo wakhala akusenza nyimbo kupita nazo kwawo kuyambira kale. Kusiyana kwake n'kwakuti akale aja ankasankha modekha, chinthu chinkakhala zaka mpaka ana n'kuchipeza. Ife tikusenza zinyalala.

Ndipo apa mlandu wina ndi wathu, abale anga, tisaubise. Timagula ndi maso. Timafuna chachikulu, cha magetsi ophethira ofiira ndi obiriwira, cha matayala ndi chogwirira, kuti tikamatsika nacho takisi anthu acheuke, kuti tikachitumiza kumudzi anthu anene kuti mwana wa uje zake zikuyenda ku Kepi. Ogulitsa anatiwerenga kalekale. Amadziwa kuti bokosi lalikulu la pulasitiki yopyapyala n'lotchipa kupanga kuposa maginito abwino, ndipo timagetsi tophethira n'totchipa kuposa batire labwino. Ndiye amatipatsa chimene maso akufuna. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Timagetsi timeneto sitiwonjezera kalikonse pa mawu, timangodya batire lomwe ndi lochepa kale.

Sipika imagulidwa ndi khutu, ndipo khutulo muyenera kulipatsa mpata. Mukafika pa sitolo, wogulitsa amathamangira kulumikiza foni yake, n'kuika amapiano, n'kukweza mpaka kumapeto. Amatero dala. Kugunda kwa nyimbo zimenezo kumagwedeza bokosi, kumagwedeza kauntala, inu n'kumva m'chifuwa n'kuganiza kuti ndiyo mphamvu. Mukaneni mwaulemu. Tulutsani foni yanu, lumikizani nokha, ndipo muike zimene khutu lanu limazidziwa bwino. Yambani ndi mawu a munthu: uthenga wa mawu umene mayi anu anatumiza pa WhatsApp, kapena kwaya. Mawu a mayi anu mumawadziwa kuposa katswiri aliyense. Akamveka ngati akulankhulira m'mphuno, kapena zilembo zina zikamalasa khutu, sipikayo ndi yoipa, ngakhale itagunda motani. Kwaya ikamveka ngati mulu umodzi, osatha kusiyanitsa amayi ndi abambo, isiyeni.

Kenako ikani rege ya Black Missionaries. Mu rege, besi si kugunda chabe, imayenda, imakwera ndi kutsika, ili ndi nyimbo yakeyake. Sipika yabwino imakulolani kuitsatira ndi khutu, mpaka mukhoza kuing'ung'udza. Yoipa imangoti du, du, du, liwu limodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo woimba amamira m'kati mwa duduyo. Pamenepo kwezani voliyumu pang'onopang'ono mpaka kumapeto, mukumvetsera pamene mawu ayambire kusweka kapena pulasitiki kunjenjemera. Zambiri za m'makatoni aja zimasweka musanafike n'komwe pakati ndi kumapeto. Mukatero tsitsani kwambiri, monga mmene mungamverere usiku anzanu atagona. Apa m'pamene ambiri sayesa, chonsecho ndi mmene mudzamverere masiku ochuluka. Sipika yabwino imamvekabe bwino ili pansi. Pomaliza bwererani m'mbuyo mapazi angapo foni ili m'thumba, muone ngati sikudukiza.

Inyamuleni. Bokosi lalikulu likakhala lopepuka ngati mulibe kanthu, ndiye kuti mulibedi kanthu, pakuti maginito abwino ndi batire lokwanira zimalemera. Yatsani tochi ya foni muunike kuseri kwa sefa wakutsogolo. Mabokosi ena ali ndi mabwalo awiri kapena atatu ooneka ngati masipika, koma limodzi lokha ndilo lenileni, enawo ndi pulasitiki yokongoletsera yosagwedezeka n'komwe. Musasokoneze zimenezi ndi tizivundikiro ta labala timene timakhala m'mbali mwa masipika abwino aang'ono. Timeneto tilibe waya, koma timavina ndi mpweya wa m'kati n'kuthandiza besi, ndipo mukaikapo chala nyimbo ikulira mumamva tikugunda. Wogulitsa akakuletsani kuyesa zonsezi, akati musatsegule katoni, mulipire kaye, wakuuzani kale zonse zimene mumafuna kudziwa.

Tinenenso choonadi chimene otsatsa malonda, ngakhale a makampani otchuka, sakonda kuchitchula. Kasipika kakang'ono sikangatulutse besi yozama. Mawu otsika amafuna kukankha mpweya wambiri, ndipo kabwalo kochepa sikangakankhe mpweya wotero, kaya kalembedwa dzina lanji. Choncho mukagula kakang'ono kokwana m'thumba la jekete, musayembekezere kuti kagwedeza denga. Chimene kangakupatseni ndi mawu oyera, ndipo m'chipinda cha mamita 3 mbali zonse zimenezo n'zokwanira. Sipika yoona ya mawati 10 kapena 20 a RMS imadzaza chipinda chotero mpaka kusefukira. Mukafuna besi yowonjezera osalipira kanthu, iikeni pafupi ndi ngodya ya chipinda, pa shelefu ya thabwa, pansi pake mutayala chitenje chopinda kuti isanjenjemeretse malata. Makoma awiri aja amabweza mawu otsika n'kuwakulitsa. Ambiri amene amadandaula kuti sipika yawo ilibe besi amakhala ataikhazika pakati pa bedi.

Za nambala ya Bluetooth musavutike nazo. Kaya alemba 5.0 kaya 5.3, zimenezo zimakhudza kulumikizana ndi kadyedwe ka batire, sizikutanthauza kuti mawu ndi okoma.

Tsopano za feki, zimene kuno amati fong kong. Apolisi akhala akulanda katundu wachinyengo ku Bellville mobwerezabwereza, ndipo dziko lino lili ndi lamulo lake loletsa malonda otere, Counterfeit Goods Act la 1997. Koma katunduyo amabwerabe, chifukwa ogula tilipo. Munthu akakuonetsani sipika yolembedwa JBL Flip kapena Charge pa R300, pamene m'masitolo akuluakulu mtengo wake umaposa R1,500, palibe chozizwitsa chimene chachitika. Zizindikiro zake n'zosabisika. Flip yeniyeni ilibe polowetsa memori khadi, ilibe wailesi ya FM, pamene yabodza imakhala nazo. Yeniyeni mukaiyatsa imangolira kaliwu kake kakafupi, pamene yabodza imalankhula, mumamva mawu a mzimayi akunena m'Chingerezi kuti chipangizo chakonzeka kulumikizidwa. Yeniyeni imaoneka mu apu ya kampaniyo pa foni, yabodza siioneka. Zilembo za pakatoni zimakhala zopindika, zomatira zikutuluka m'mbali. Onaninso ngati pali chizindikiro cha ICASA ndi nambala yake, pakuti chipangizo chilichonse chogwiritsa mafunde a wailesi chiyenera kuvomerezedwa ndi bungwe limenelo chisanagulitsidwe muno.

Ndimalemekeza kwambiri sipika yotchipa imene yabwera ndi dzina lake kuposa imene yaba dzina la wina. Volkano, mwachitsanzo, imapezeka m'masitolo ambiri a m'dziko muno, siinamizira kukhala JBL, ndipo ikafa pali pokadandaula. Wopanga feki sayembekezera kukuonaninso, choncho alibe chifukwa choikiramo batire labwino kapena kumata bwino. Iye ntchito yake imatha ndalama ikalowa m'thumba. Ndipo inu amene mwaigula kuti anthu aone chizindikiro, mukunamiza ndani? Anyamata a pa Wenela ku Blantyre ndi a mumsika wa Lilongwe amaizindikira feki asanaigwire n'komwe.

Kodi munthu wa R600, R800 kapena R1,000 achite chiyani? Ayambe wadzifunsa kuti sipikayo idzagwira ntchito yanji. Ngati ndi ya m'chipinda ndi ya kuntchito, yopachika pa mtengo uku akudulira maluwa, tating'ono ta makampani odziwika tilipo ndipo timakhalitsa: JBL Go, Sony SRS-XB100 imene opanga amati batire lake limafika maola 16, kapena Soundcore ya kampani ya Anker. Mitengo imasinthasintha, choncho yerekezani ku Game, ku Makro, ku HiFi Corp, ku Incredible Connection ndi pa Takealot musanatulutse kanthu, ndipo ngati Novembala ali pafupi, dikirani Black Friday, koma mulembe mtengo wa lero kuti mudzaone ngati watsikadi. Ndalama zikaperewera pali leyibayi, kulipira pang'onopang'ono katundu ali m'sitolo, kumene kuli bwino kutalitali kuposa katapila. Palinso zogwiritsidwapo kale ntchito ku Cash Crusaders ndi ku Cash Converters, kumene mungapeze yeniyeni pa mtengo wotsika n'kulandira lisiti. Kumeneko chofunika kuyesa kwambiri ndi batire, pakuti ndilo limayamba kukalamba. Za pa Facebook ndi za munthu wokupezani pa siteshoni chinthu chili m'jekete, chenjerani nazo. Kupezeka ndi katundu wobedwa ndi mlandu kwa aliyense, koma kwa mlendo ndi mlandu umene ungathere pa kutumizidwa kwanu.

Ngati ndi ya mpingo, ya kwaya, ya chinkhoswe kapena ya msonkhano wa maliro, musadzinamize kuti R700 ikwana. Holo ya sukulu kapena galaja yodzaza anthu imafuna chipangizo chenicheni. Sonkhanani, chitani chipereganyu, mugule chimodzi cholimba cha gulu m'malo moti aliyense azibwera ndi bokosi lake losweka mawu, mlaliki n'kumamveka ngati ali m'madzi. Timatha kusonkha ndalama zotumizira thupi la mnzathu kumudzi, ndiye sitingalephere izi.

Mzinda uno ulinso ndi zofuna zake zimene wa ku Lilongwe sangaziganizire. Kuno mvula imagwa m'nyengo yozizira, Juni mpaka Ogasiti, ndipo denga la mkhukhu limadontha, chinyezi chimalowa paliponse. Chilimwe chikafika, mphepo ya kumwera chakum'mawa imanyamula mchenga wa ku Cape Flats n'kuulowetsa m'chilichonse chimene chili ndi kabowo. Pa Boxing Day ndi pa Nyuwere timakhamukira ku Muizenberg ndi ku Strandfontein, kumene kuli mchenga ndi madzi amchere. N'chifukwa chake zilembo za IP n'zofunika kuposa mawati. IPX4 ndiye kuti imapirira kuwazidwa madzi basi. IPX7 ndiye kuti ingamire m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. IP67 ndiye kuti imapirira madziwo komanso fumbi sililowa. Mawu akuti siilowa madzi popanda nambala yotere ndi mawu chabe. Sipika ya IPX7 kapena IP67 ikakhudza madzi a m'nyanja, itsukeni ndi madzi a pampopi ndipo muiumitse musanaitchaje. Ndipo sankhani yotchajira ndi USB-C, kuti chingwe chikatayika mubwereke cha foni.

Pa batire pali nkhani ya moyo. Mabatire a lithiamu opangidwa mwachinyengo, opanda kachipangizo koletsa kudzaza mopyola, amatentha, amatupa, ndipo ena amayaka. Ife ambiri timakhala m'malo amene nyumba zimagundana. Amene anali ku Imizamo Yethu ku Hout Bay mu Malichi 2017, kapena ku Masiphumelele mu Disembala 2020, anaona mmene moto umathamangira m'mikhukhu, n'kusiya anthu masauzande alibe pogona, mapasipoti ndi zonse zitapsa. Sindikunena kuti masipika ndiwo anayatsa moto umenewo. Ndikunena kuti pamalo otere munthu sayenera kusunga pafupi ndi mutu wake batire limene wopanga wake wabisa dzina. Musatchaje sipika pa matiresi, musasiye pa tchaja mukupita kuntchito, ndipo ikayamba kutentha kwambiri kapena kutupa, ichotseni m'nyumba tsiku lomwelo.

Ndiyenera kunenanso za anansi, ngakhale ena zidzawawawa. Khoma la malata silisunga mawu. Kuseri kwake kuli mayi amene adzuke 4 koloko m'mawa kukakwera takisi, kuli mwana amene akulemba matiriki. Mzinda wa Cape Town uli ndi lamulo loletsa phokoso losokoneza ena, koma ulemu tinauphunzira kwathu lamulolo tisanalimve. Mlendo amene amakweza nyimbo mpaka pakati pa usiku amaipitsa dzina la Amalawi onse a mumsewu umenewo, dzina limene ena analipanga ndi zaka za kukhulupirika pa ntchito. Makutu anu nawonso ali ndi malire: bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asapyole madesibelo 80 kwa maola 40 pa sabata, ndipo khutu likawonongeka ndi phokoso silibwerera.

Sipika yotumiza kumudzi isankhidwe ndi maganizo a kumudzi, osati a ku Bellville. Kumene amayi ndi abambo ali mwina kulibe magetsi a ESCOM, amatchaja pa kasola kapena pa golosale polipira. Bokosi lalikulu la magetsi ophethira lidzakhala chokhalira pakhonde mwezi usanathe. Iwo amafunika chinthu chosunga moto nthawi yaitali, chokhala ndi FM kuti azimvera MBC ndi Zodiak popanda bandulo, ndi polowetsa memori khadi ya nyimbo za kwaya. Apa sipika yotchipa ya dzina loona imaposa JBL yeniyeni, chifukwa zambiri mwa JBL zing'onozing'ono zilibe zimenezo. Ndipo musaigule lero n'kuipereka kwa transipota mawa. Igwiritseni ntchito milungu ingapo muli konkuno, muone ngati batire likusunga moto monga analonjezera, pakuti ikangodutsa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete n'kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, simudzaibwezanso kwa amene anakugulitsani.

Izi zikundifikitsa pa chimene chimandipweteka kuposa zonse: mantha athu. Sipika ikafa patatha milungu iwiri, Mmalawi amangoti zachitika, n'kuiponya pansi pa bedi. Akalimba mtima n'kubwerera ku sitolo, amamulozera pepala la pakhoma loti ndalama sizibwezedwa, iye n'kupepesa, kupepesa kwa munthu amene wamubera! Mantha amenewa ali ndi pochokera, tonse timakumbukira chiwawa chochitira alendo cha mu Meyi 2008, ndipo ambiri tinaphunzira kuyenda chowerama. Koma ogulitsa achinyengo amadya pa kuwerama komweko. Akamva kalankhulidwe kathu amadziwa kuti uyu sabweranso.

Mverani bwino. Lamulo la Consumer Protection Act, nambala 68 la 2008, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, mu gawo 56 limati katundu akapezeka wolakwika m'miyezi 6 chigulireni, wogula angathe kumubweza popanda chilango, ndipo wogulayo ndiye amasankha: kukonzeredwa, kupatsidwa wina, kapena kubwezeredwa ndalama. Wosankha ndi inu, osati mwini sitolo. Akakukonzerani, vuto lomwelo n'kubweranso m'miyezi 3, ayenera kukupatsani china kapena kubweza ndalama. Pepala la pakhoma lija silingafafanize lamulo la nyumba ya malamulo. Ndipo lamuloli limateteza wogula, silinena kuti wogulayo akhale nzika ya South Africa. Ndalama yanu anailandira osafunsa kumene munabadwira, choncho udindo wawonso usafunse. Silikutetezani ngati mwangosintha maganizo kapena mwaigwetsa nokha, zimenezo n'zoona. Koma mukagula pa intaneti pali lamulo lina, la Electronic Communications and Transactions Act la 2002, limene limakupatsani masiku 7 obweza katundu popanda kupereka chifukwa, inu n'kulipira zotumizira basi.

Zonsezi zimaima pa kapepala kamodzi, lisiti. Sitolo iyenera kukupatsani, lolembedwa dzina lake, tsiku, mtengo ndi chimene mwagula. Lijambuleni ndi foni nthawi yomweyo, chifukwa inki ya timapepala ta m'makina imafufutika miyezi 6 isanakwane. Sungani katoni. Akakana kukuthandizani, lembani tsiku ndi zimene anena, ndipo mukadandaule ku Office of the Consumer Protector ya boma la Western Cape kapena kwa Consumer Goods and Services Ombud, kumene salipiritsa. Ngati Chingerezi chikukuvutani, tengani mnzanu. Atsogoleri a mipingo yathu ndi oyang'anira magulu a WhatsApp a Amalawi ku Dunoon, ku Joe Slovo, ku Philippi ndi ku Westlake, inu amene mumafalitsa uthenga wa maliro m'mphindi zochepa, falitsaninso gawo 56 limeneli m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao. Ndipo wogulitsa akakana kulemba lisiti, bwezerani ndalama yanu m'thumba pamaso pake, mumuuze chifukwa chake momveka kuti ogula ena amve, n'kutuluka.